Nkhani ya Kaphirintiwa pa chipembedzo cha Achewa

Nkhani ya Kaphirintiwa ndiyo imene Achewa amafotokozera chiyambi cha munthu, cha moto ndi cha imfa. Imasiyana ndi nthano za kalulu zofotokoza madzulo chifukwa akuluakulu amaitenga ngati mbiri. Malo ake ndi thanthwe la m'mapiri a Dzalanyama, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, koma zambiri zosungidwa za nkhaniyi ndi miyambo yake zili kunsi kwa mapiri a Dedza, ku Mua.

Akamba kuti pachiyambi dziko linali louma. Chauta anagwetsa mvula, ndipo mwamuna ndi mkazi anatsika kumwamba atanyamula khasu, mtondo ndi lichero. Thanthwe linali lisanaume, choncho mapazi awo ndi a nyama anadindika pomwepo. Chauta, anthu ndi nyama ankakhala malo amodzi mpaka tsiku limene mwamuna anapeka moto. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi anathamangira kwa munthu, njovu ndi mkango zinathawa zili ndi mkwiyo. Birimankhwe anakwera mumtengo n'kuitana Chauta, koma Chauta anati wakalamba, sangakwere. Kangaude ndiye anamukweza kumwamba ndi ulusi wake, ndipo atafika kumeneko Chauta analamula kuti munthu azifa n'kumutsatira. Ena amafotokoza imfa mwa njira ina: birimankhwe ananyamula uthenga wa moyo koma anazengereza panjira, buluzi wa uthenga wa imfa n'kumupitirira.

Mbiri ya malo opembedzera ndi yaitali. Ku Msinja kunali Makewana, mayi woyang'anira mvula, pamodzi ndi atsikana otumikira otchedwa Matsano, ng'oma ya Mbiriwiri ndi njoka yotchedwa Thunga. Kuchigwa cha nyanja, pafupi ndi Mtakataka, kunali Mankhamba, likulu la Kalonga, komwenso ankathira nsembe za mvula. Kumeneko ufumu unali wa Aphiri, koma Mwali, mkazi wamkulu wa Kalonga, ankachokera kwa Abanda, eni zamvula. Dr Yusuf Juwayeyi anafukula malo a Mankhamba ndipo anatulutsa buku la zimene anapeza mu 2020.

Ansembe a Katolika otchedwa Abambo Oyera atafika ku Mua mu 1902 anakangana kwambiri ndi a Nyau, makamaka pa nkhani ya ana a sukulu, ndipo Ian Linden analemba za mkanganowu mu 1974. Chodabwitsa n'chakuti mishoni yomweyo ndiyo inadzakhala nkhokwe ya miyamboyi. Bambo Claude Boucher a ku Canada, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anakhazikitsa malo a zachikhalidwe a Kungoni mu 1976, ndipo nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ya pamalopo ili ndi zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400.

Ku Golomoti ndi midzi yozungulira Mua, nkhaniyi munthu amaiona ndi maso pabwalo kuposa kuimva ndi makutu. Pamaliro a munthu wometa, pa chinamwali ndi polonga ufumu, zilombo zimatuluka kudambwe kubwera kumudzi. Kasiyamaliro amabwera kudzaperekeza mzimu wa malemu. Njovu, yomwe ndi yaikulu pa zonse, siituluka wamba. Ng'oma zikamalira, amayi akuwomba m'manja ndi kuyimba, nyama zimene zinathawa moto zimakhala zabwereranso pakati pa anthu limodzi ndi mizimu ya makolo. Umu ndimo Matthew Schoffeleers, wansembe wofufuza za chikhalidwe, anamasulira gule, ndipo amene anaonapo fumbi la pabwalo m'mawa wa m'meto sangamutsutse msanga. Gule akatha, zilombo zimabwerera kutchire, ndipo zina zolukidwa ndi makoko a chimanga amaziwotcha. Moto womwewo umatulukiranso m'malamulo a mdulo, pamene anamkungwi amasiyanitsa munthu wotentha ndi wozizira, n'kulangiza amene angathire mchere m'ndiwo kapena kunyamula khanda.

Ayoruba a ku Nigeria nawonso ali ndi nkhani ya Oduduwa amene anatsika kumwamba pa unyolo n'kufikira ku Ile-Ife, koma iwo ali ndi alauli otchedwa babalawo oloweza magawo 256 a maula otchedwa Ifa. Kwa Achewa nkhani inasungidwa m'miyambo, n'chifukwa chake mudzi uliwonse umaikamba mosiyanako pang'ono. Bungwe la UNESCO linazindikira Ifa ndi Gule Wamkulu m'chaka chimodzi, 2005.