Kodi Wosewera Rugby ndi wa Yani?

Pa 26 Ogasiti 1995, akuluakulu a bungwe loyang'anira masewera a rugby padziko lonse adakumana mumzinda wa Paris ndi kugwirizana kuti kuyambira pamenepo wosewera akhoza kulandira malipiro poyera. Kwa ozolowera mpira wamiyendo nkhaniyi ingamveke yachilendo, pakuti ku England osewera mpira umenewu adaloledwa kulipidwa kale mu 1885. Koma rugby, mpira uja wooneka ngati dzira umene anthu 15 mbali iliyonse amathamanga nawo m'manja uku akugwetsana, idakhala zaka zoposa 100 ikukana ndalama. Atavomera ndalamazo, akuluakulu aja adasiya funso limodzi losayankhidwa: kodi azimulipira wosewerayo ndani, kalabu yake kapena bungwe la dziko lake? Dziko lililonse lidauzidwa kuti likaone lokha. Zimene maiko adasankha m'miyezi yochepa yotsatira ndizo zakhala zikuumba masewerawa kwa zaka 30.

Kudana ndi ndalamaku kudayamba kalekale. Kumpoto kwa England osewera ambiri adali anthu a m'migodi ya malasha ndi m'mafakitale a nsalu, amene akapita kukasewera Loweruka ankadulidwa malipiro kuntchito. Makalabu awo adapempha kuti aziwabwezera kangachepe, koma bungwe la Rugby Football Union (RFU), lomwe lidakhazikitsidwa mu 1871 ndipo linkatsogoleredwa ndi anthu opeza bwino, lidakanitsitsa. Pa 29 Ogasiti 1895, pamsonkhano wa ku George Hotel mumzinda wa Huddersfield, makalabu akumpotowo adapatuka ndi kuyambitsa masewera awoawo amene pano amatchedwa rugby league. Otsala, a rugby union, adaumitsa lamulo mpaka kuti munthu wopezeka atasewerako league ankapirikitsidwa moyo wake wonse. Komabe pofika m'ma 1980 sichidali chinsinsi kuti maenvulopu akuyenda mwamseri, ndipo akatswiri ena ankapatsidwa ntchito za dzina lokha.

Chidagwetsa mpandawu ndi wailesi ya kanema. Mu June 1995, kutangotsala tsiku limodzi kuti South Africa ndi New Zealand zikumane mu fainolo ya chikho cha dziko lonse ku Johannesburg, mabungwe a South Africa, New Zealand ndi Australia adalengeza kuti agulitsa ufulu woonetsa masewera awo kwa kampani ya Rupert Murdoch kwa zaka 10 pamtengo wa madola a ku America 555 miliyoni. Nthawi yomweyo gulu lina lotchedwa World Rugby Corporation, lodalira chuma cha Kerry Packer, mpikisani wa Murdoch ku Australia, linkayenda mwakachetechete kusainitsa osewera kuti likhazikitse ligi yakeyake. Mabungwe adadzidzimuka atazindikira kuti agulitsa katundu amene sadali m'manja mwawo. Louis Luyt, mkulu wa rugby ku South Africa, adakopa osewera a Springboks ndi makontirakiti onona. Ku New Zealand ntchito yonyengerera osewera mmodzimmodzi idagwera Jock Hobbs, loya amene adakhalapo kaputeni wa All Blacks. Jeff Wilson ndi Josh Kronfeld atasainira bungwe, anzawo adatsatira, ndipo ligi ya Packer idafera m'mazira.

Apa mpamene padabadwa dongosolo loti bungwe la dziko ndilo bwana wa wosewera. Tisaganize kuti lidachokera m'mutu mwa munthu wanzeru zakuya. Lidabadwa ndi mantha. Koma litabadwa lidakula. Mu 1996 mpikisano wa Super 12 utayamba, New Zealand idagawa dziko m'matimu asanu, Blues, Chiefs, Hurricanes, Crusaders ndi Highlanders, ndipo osewera ake ankalipidwa ndi bungwe. Padaikidwanso lamulo loti wosainira kalabu yakunja asavale yunifomu yakuda ya All Blacks. Carl Hayman, amene ambiri ankamuona ngati wopambana onse pamalo ake, adapita ku Newcastle mu 2007 asadakwanitse zaka 30, ndipo sadaseweerenso dziko lake. Makochi nawonso adapatsidwa makwerero: Graham Henry adapambana Super 12 ndi Blues mu 1996 ndi 1997, adakaphunzitsako Wales, nadzatenga All Blacks mu 2004, ndipo womuthandiza wake Steve Hansen ndiye adamulowa m'malo mu 2012.

England idayenda njira ina, ndipo idaiyenda chifukwa cha kuzengereza. Akuluakulu a RFU, amene miyezi ingapo m'mbuyomo adachotsa Will Carling pa ukaputeni kwa masiku ochepa chifukwa chonyoza komiti yawo ya anthu 57, adalamula kuti makalabu adikire chaka chathunthu asadayambe kulipira osewera. Anthu achuma sadadikire. Sir John Hall, mwini timu ya mpira wamiyendo ya Newcastle United, adatenga kalabu ya rugby ya mumzindawo naika Rob Andrew kuti aiyendetse. Nigel Wray adathira ndalama ku Saracens, enanso adachita chimodzimodzi kwina. Pamene bungwe linkadzuka, osewera onse ofunika adali atasaina kale ndi makalabu. Madzi akatayika saoleka.

Chotsatira chake chidali nkhondo ya zaka zambiri. Kumbukirani kuti rugby ndi masewera ophwanya thupi. Wosewera sangasewere kawiri pamlungu monga amachitira a mpira wamiyendo, ndipo masewero amene thupi lingapirire pachaka ndi owerengeka. Kalabu imene ikumulipira imafuna aliwonse a masewerowo, pomwe mphunzitsi wa timu ya dziko amafuna munthuyo afike ali wopuma ndi wamphumphu. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mu June 1998 England idapita ku Australia popanda akatswiri ake ambiri, nikwapulidwa 76-0 ku Brisbane. M'nyengo ya 1998-99 makalabu a ku England adanyanyala chikho cha ku Ulaya cha Heineken Cup. Mu 1999 makalabu awiri akalekale, Richmond ndi London Scottish, adagwa ndi ngongole. Ngakhale Clive Woodward, amene adabweretsa chikho cha dziko lonse mu 2003, adatula pansi udindo chaka chotsatira akudandaula kuti sakupatsidwa nthawi yokwanira ndi osewera. Mtendere udayamba kuoneka ndi pangano la 2007, lomwe mwachidule lidatanthauza kuti bungwe lizilipira makalabu kuti libwereke osewera a dziko lake lomwe.

Koma nkhani imene imandikoka mtima kwambiri ndi ya Ireland, chifukwa palibe amene akadailosera. M'ma 1990 timu ya dzikoli idali choseweretsa. Idathera pansi penipeni pa mpikisano wa Five Nations mu 1996, 1997 ndi 1998, ndipo mu 1999 Argentina idaitulutsa m'chikho cha dziko lonse ku Lens, ku France, ndi mapointi 28-24. Osewera ake abwino, monga Keith Wood amene adali ku Harlequins, adali atawolokera ku England. Makalabu a ku Ireland adali aang'onoang'ono, ndipo padalibe mpondamatiki wofuna kuwagula.

Umphawi womwewo ndiwo udapatsa bungwe la Irish Rugby Football Union (IRFU) danga. Bungweli, lomwe limayang'anira chilumba chonse kuphatikizapo Northern Ireland, lidali kale ndi nthambi zinayi zotsatira zigawo zamakedzana: Leinster, Munster, Ulster ndi Connacht. Kale matimu azigawowa ankangokumana kangapo pachaka. Bungwe lidawasandutsa matimu olipidwa, niliyamba kuitana ana ake kuti abwerere kumudzi. Mu Januwale 1999 Ulster idatenga Heineken Cup, chaka chomwe chija Angerezi adanyanyala. Boma lidathandizapo mu 2002 pokhazikitsa lamulo lobwezera ochita masewera gawo la msonkho wawo akapuma pantchito, zomwe zidapangitsa kuti kukhala kwawo kukhale kwa phindu ngakhale malipiro a ku France adali okwera.

Mphamvu ya dongosololi ili pa zinthu zooneka zazing'ono. Bungwe limawerengera masewero a katswiri aliyense ndipo likhoza kuuza mphunzitsi wa chigawo kuti uje apume Loweruka lino. Chigawo sichingalembe wosewera wakunja bungwe lisadavomere. Mnyamata amene wakhala pabenchi kwina akhoza kulimbikitsidwa kusamukira kumene angapeze mpata, monga adachitira Joey Carbery pochoka ku Leinster kupita ku Munster mu 2018. Kuyambira 2014 mpaka 2024 zingwe zonsezi zidali m'manja mwa munthu mmodzi, David Nucifora wa ku Australia. Makochi ankakwera makwerero omwewo: Declan Kidney adachoka ku Munster kukatenga timu ya dziko mu 2008, ndipo Joe Schmidt adachoka ku Leinster mu 2013. England itatuluka msanga m'chikho cha dziko lonse cha 2015 pakhomo pake pomwe, makochi ake awiri ochotsedwa adatoledwa ndi Ireland: Stuart Lancaster adapita ku Leinster, ndipo Andy Farrell adalowa m'timu ya dziko imene adadzaitsogolera 2019 itatha.

Zipatso zake zidaoneka. Munster idatenga chikho cha ku Ulaya mu 2006 ndi 2008, Leinster mu 2009, 2011, 2012 ndi 2018. Mu 2009 Ireland idagonjetsa matimu onse a Six Nations m'chaka chimodzi, chinthu chomwe idachita komaliza mu 1948, nidzabwerezanso mu 2018 ndi 2023. Pa 5 Novembala 2016 ku Chicago idagonjetsa All Blacks koyamba patatha zaka 111 ikuyesa, ndipo mu 2022 idakawapambana kawiri pa masewero atatu kwawo komweko.

Komatu ife ogwira ntchito m'boma tikuidziwa kalata yochokera kulikulu. Imafika ili yosainidwa kale, ndipo woilemba amaona mapu a dziko lonse, saona nkhope ya woilandira. Mu Januwale 2003 IRFU, pofuna kuchepetsa ndalama zowonongeka, idaganiza zothetsa timu ya Connacht, chigawo chakumadzulo chomwe chili chosauka pa zinayi zija. Anthu a kumeneko adakwera mabasi kupita ku Dublin ndi kuguba mpaka kumaofesi a bungwe ku Lansdowne Road, ndipo ganizolo lidasiyidwa. Patatha zaka 13, mu 2016, Connacht yomweyo idapambana ligi ya Pro12. Ku Scotland, kumene bungwe lilinso mwini matimu, a Border Reivers sadapulumuke. Adatsekedwa mu 2007, m'dera lomwe ndi chimake cha rugby m'dzikolo.

Ruan Pienaar wa ku South Africa adasewera ku Ulster zaka zisanu ndi ziwiri. Iye ankafuna kukhala, timu inkamufuna, ochemerera ankamukonda, koma bungwe lidati malo ake ndi ofunika kwa mwana wa ku Ireland, ndipo mu 2017 adanyamuka. Lamulonso silidagwire onse mofanana. Johnny Sexton atapita kukasewera ku Paris mu 2013 ankaitanidwabe ku timu ya dziko, koma Simon Zebo atangolengeza mu 2017 kuti akupita kukasewera kunja adasiyidwa nthawi yomweyo. Bungwe likakhala bwana mmodzi yekha m'dziko, wosewera amene wasemphana nalo alibe khomo lina logogoda kupatula kunja, ndipo kupita kunjako ndiko kutaya yunifomu ya dziko lake.

Likulu likhozanso kuphonya, ndipo likaphonya limaphonyetsa onse. Mu 2007 Graham Henry adachotsa osewera 22 m'ndime zisanu ndi ziwiri zoyambirira za Super 14 kuti akalimbitse matupi pokonzekera chikho cha dziko lonse. Mabwalo adachepa anthu, a wailesi ya kanema adakwiya, ndipo mu Okutobala All Blacks idagonja 20-18 kwa France ku Cardiff m'ndime ya makotafainolo. Chodabwitsa n'chakuti bungwe lomwelo lidamusunga Henry pantchito dziko lonse likufuula kuti achoke, ndipo Robbie Deans wa Crusaders, amene ambiri ankamufuna, adawolokera ku Australia. Henry adatenga chikhocho mu 2011, Hansen nachisunga mu 2015. Wina anganene kuti kupirira kumeneku n'kumene mwini kalabu wofuna phindu la chaka chino sakadakukwanitsa, ndipo ine ndikuvomerezana naye.

Chikho cha dziko lonse chokha ndicho chimakana kulowa m'masamu a aliyense. England, ndi mikangano yake yonse ija, idachitenga mu 2003 ndipo idafikanso mu fainolo mu 2007 ndi 2019. Ireland, ndi dongosolo lake lonse, mpaka mpikisano wa 2023 idali isadadutsepo makotafainolo. Chaka chimenecho idagonja kwa New Zealand 28-24, mapointi omwe aja a ku Lens. South Africa, poona kuti randi singalimbane ndi ndalama za ku Ulaya ndi ku Japan, idamasula chitseko nthawi ya Rassie Erasmus n'kumaitana osewera ake kulikonse kumene ali, ndipo idapambana mu 2019 ndi 2023. Zoona zake n'zakuti dziko la osewera ochuluka likhoza kumwaza ndi kutsalabe ndi zokwanira. Ireland ndi New Zealand, maiko a anthu ochepa, sizikadatha kutero.

Ku England ngongole ya 1995 idadzafika mochedwa. Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo, makalabu amene ankadalira thumba la mwini wake mmodzi adayamba kugwa: Worcester Warriors ndi Wasps mu 2022, London Irish mu 2023. Wasps idali itatengapo Heineken Cup kawiri, mu 2004 ndi 2007. Osewera, makochi, ophika ndi osesa mabwalo adapezeka alibe ntchito, ndipo ligi ya matimu 13 idatsala ndi 10. Mu 2024 RFU ndi makalabu adasaina pangano latsopano la zaka zisanu ndi zitatu, lolola bungwe kupereka makontirakiti owonjezera kwa osewera osaposa 25 ndi kupatsa mphunzitsi wa timu ya dziko mawu omaliza pa zaumoyo ndi kulimbitsa matupi awo. Mu Okutobala chaka chomwecho Steve Borthwick adatchula maina 17 oyamba. Padali patatha zaka 29 chichitikireni msonkhano wa ku Paris, ndipo kontirakiti yaikulu ya aliyense wa anyamata 17 aja idatsalabe m'kabati ya kalabu yake.