Kayelekera: Mgodi Womvera Msika wa Kutali

Tsogolo la Kayelekera, mudzi wa m'mapiri kufupi ndi msewu wochoka ku Karonga kupita ku Chitipa, lakhala likugamulidwa kutali ndi eni nthaka. Amene anapeza miyala ya yureniyamu kumeneko m'zaka za m'ma 1980 anali a Central Electricity Generating Board ya ku Britain, koma ataona kuti mtengo wake sungawapindulitse, analongedza n'kumapita. Kampani ya Paladin ya ku Australia ndiyo inadzakumba, ndipo Bingu wa Mutharika anatsegulira mgodiwo mu 2009, boma litatengako magawo 15 pa 100 alionse. Ngozi ya ku Fukushima ku Japan, yomwe inadza ndi chivomezi mu 2011, itagwetsa mtengo wa yureniyamu, makina anazima mu 2014.

Ena amati kudandaula za mgodiwu n'kusayamika, poti ntchito zinapezeka, ndipo ogulitsa mpunga wa kilombero ndi eni nyumba za lendi anagwirako ndalama. N'zoona ndithu. Koma phwandolo linatha pa zaka zisanu zokha, ndipo chinalithetsa ndi chivomezi cha ku Japan, nkhani imene mlimi wa chinangwa wa kwa Kyungu analibe nayo mawu. Mu 2020 mgodiwo unagulitsidwa kwa Lotus Resources, ya ku Australia komweko.