Nkoloso, Edward Mukuka (1919–1989)

Mphunzitsi wa sayansi wa ku Zambia, womenyera ufulu m'chipani cha UNIP, amene anafuna kutumiza Azambia kumwezi. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali msilikali wa Northern Rhodesia Regiment.

Kale nkhani ya ulendo wa kumwezi inkangopezeka m'mabuku a nthano za sayansi. Lotchuka ndi la Jules Verne la mu 1865, De la Terre à la Lune, momwe anthu akukonza zoponyedwa kumwezi ndi chimfuti chachikulu. Nkoloso sanafune kuti zithere papepala. Mu 1960 anakhazikitsa bungwe la Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, n'kuyamba kuphunzitsa achinyamata pafamu ina kufupi ndi Lusaka. Wophunzira ankalowa mumgolo wa mafuta, anzake n'kuugubuduza kuchokera pachitunda kuti azolowere chizungulire cha m'mlengalenga. Pagululo panali mtsikana, Matha Mwamba, amene Nkoloso anati adzakwera chombo chopita kumwezi pamodzi ndi amphaka awiri. Nkoloso anapempha bungwe la UNESCO mapaundi 7 miliyoni, koma ndalamazo sizinabwere ndipo gululo linabalalika.

Atolankhani akunja anamuseka kwambiri mu 1964, chaka chomwe Zambia inalandira ufulu. Kusekako kunaphimba chinthu chofunika: munthu amene atsamunda anamutsekerapo m'ndende ankauza ana a dziko latsopano kuti sayansi ndi yawonso.

Namwali Serpell anamuika m'buku lake The Old Drift la mu 2019, lomwe linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020.