Mpira wa Adzukulu a Lobengula

Ku America mpira unakulira m'makoleji. Ku Bulawayo unakulira m'komboni ya Makokoba, ngakhale kuti kumenekonso sukulu inacitapo mbali yace.

Ufumu wa Amandebele utagwa m'caka ca 1893, Cecil Rhodes anatenga Njube, mwana wa mfumu Lobengula, napita naye ku sukulu ku Cape. Boma silinamlole kukhalanso pakati pa anthu ace, poopa kuti angamlonge ufumu. Cotero ana ace awiri, Albert ndi Rhodes, anakulira ndi kuphunzira ku South Africa komweko. Atafika ku Bulawayo mpando wa agogo ao sanaupeze, koma m'caka ca 1926 anayambitsa timu ya mpira naicha Lions. M'caka ca 1936 dzinalo linasinthidwa, likhala Matabeleland Highlanders.

Dzina limeneli linali lolemera. Mumzinda momwemo munali timu yina, Mashonaland United, ndipo pokomana awiriwa, anthu sanali kuonerera mpira wokha iai: aliyense anali kucemerera mtundu wace. Amene anakhalako kumigodi ndi kunjanji adziwa kuti moto wotere sucedwa kuyaka pakati pa anthu osiyana zinenero.

M'caka ca 1975 Joshua Nkomo analangiza kuti maina a mitundu acotsedwe. Mashonaland United inasanduka Zimbabwe Saints. Inzace inataya mau oyambawo, nitsala Highlanders basi, dzina limene khamu la ku Barbourfields lipfuula kufikira lero.