Kuteteza zinsinsi za kuntchito pa lamya za m'manja za ogwira ntchito ku Likoma

Ntchito zambiri za boma, mabungwe ndi makampani pa zilumba za Likoma ndi Chizumulu zikudutsa pa lamya za m'manja zimene ogwira ntchito anadzigulira okha. Pa lamya yomwe munthu amaimbira abale ake ndi pomwenso amasungapo malipoti a kuofesi, mayina a odwala, zotsatira za mayeso a ana asukulu komanso nambala za makasitomala.

Boma la Likoma, lomwe pa kalembera wa mu 2018 linapezeka ndi anthu oposa 14,000, lazunguliridwa ndi madzi a nyanja ya Malawi. Kalata yopita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe imadikira tsiku la sitima monga Ilala, pamene chithunzi cha kalata yomweyo chimafika nthawi yomweyo pa WhatsApp. Ichi ndi chifukwa chake lamya ya munthu yasanduka ofesi.

Mchitidwewu si wachilendo m'dziko muno. Mu 2011 alangizi a zaumoyo m'maboma ena anayamba kugwiritsa ntchito lamya zawozawo potumiza uthenga wa kuchuluka kwa mankhwala otsala kudzera mu ndondomeko ya cStock, yomwe pambuyo pake inafalikira m'dziko lonse. Koma nthawi imeneyo pa lamya pankadutsa ziwerengero chabe, pomwe lamya zamakono zimasunga mafayilo athunthu okhudza miyoyo ya anthu.

Zimene malamulo akunena

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 likuti ndi mlandu kulowa kapena kusokoneza zinthu zosungidwa pa kompyuta popanda chilolezo. Mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Data Protection Act, lomwe linapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira kasungidwe ka mbiri ya anthu.

Malinga ndi lamuloli, bungwe limene latolera mbiri ya anthu ndilo lili ndi udindo woiteteza, ndipo likuyenera kudziwitsa MACRA pasanathe maola 72 likazindikira kuti mbiriyo yagwera m'manja olakwika. Izi zikutanthauza kuti bwana sangadzikhululukire ponena kuti lamya yomwe yasowa inali ya wantchito.

Pomwe pagona chiopsezo

Nthawi zambiri zinsinsi sizituluka chifukwa cha akatswiri oba pa intaneti, koma chifukwa cha zinthu zazing'ono. Lamya imabwerekedwa kwa ana ndi anansi, imasiyidwa kotchajitsa kapena kwa okonza isanakiyidwe, ndipo ina imagulitsidwa mafayilo a kuntchito ali momwemo. Ikagwera m'nyanja paulendo wa pabwato, ntchito ya miyezi ingapo imapita nayo ngati sinasungidwe penanso.

Palinso atsizinamtole amene amaimba lamya monamizira kuti ndi ogwira ntchito ku kampani ya mafoni, n'kupempha nambala yachinsinsi ya Airtel Money, TNM Mpamba kapena yotsegulira WhatsApp. Wakuba akalanda WhatsApp ya munthu, amalowa m'magulu onse a kuntchito kwake ndi kuyamba kupempha ndalama m'dzina lake.

Pamalo a anthu ochepa ngati Likoma, pomwe pafupifupi aliyense amadziwana ndi mnzake, zotsatira za kuchipatala za munthu mmodzi zikatuluka, mbiri imafika m'midzi yonse dzuwa lisanalowe.

Njira zodzitetezera

Wogwira ntchito akuyenera kukiya lamya yake ndi nambala yovuta kuiganizira, osati chaka chake chobadwa, komanso kuika nambala yachinsinsi yachiwiri pa WhatsApp. Ndi bwinonso kulemba padera nambala ya IMEI, yomwe imaoneka munthu akaimba *#06#, chifukwa imathandiza pokadandaula kupolisi. Lamya ikasowa, mwini wake adziwitse akuluakulu a kuntchito tsiku lomwelo ndi kutseketsa simu khadi.

Kumbali ya olemba ntchito, pakufunika malamulo olembedwa ofotokoza zimene zingasungidwe pa lamya ya munthu ndi zimene siziyenera kutumizidwa m'magulu a WhatsApp. Lamya zambiri za Android zili ndi njira yolekanitsira mbali ya ntchito ndi mbali ya mwini wake, moti ofesi ikhoza kufufuta mafayilo ake ili kutali popanda kukhudza zithunzi za banja la wantchitoyo. Njirayi imatetezanso wantchito kuti bwana asamaone mauthenga ake apadera.

Pomaliza, wogwira ntchito akasamutsidwa kupita kumtunda kapena akasiya ntchito, ofesi ikuyenera kuonetsetsa kuti wapereka mafayilo onse, wawafufuta pa lamya yake ndiponso wachotsedwa m'magulu a kuntchito asanakwere sitima.