Njerwa ndi za anthu, zikwangwani ndi za alendo: mbiri ya sukulu ndi zipatala ku Tsangano ndi Macanga

Pakati pa Ntcheu ndi Dedza, msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a maiko awiri. Kumadzulo kwake ndi Mozambique. Kuli Tsangano, kwawo kwa kachewere ndi tirigu, ndipo ukapitirira Ulónguè umafika ku Furancungo, likulu la Macanga, komwe ndalama ili mu fodya. Okhala kumeneko ndi Achewa ndi Angoni, abale athu enieni. Maputo ali kutali makilomita oposa 1,500. Nanga pa zaka zoposa 100 zapitazi, ndani wakhala akuphunzitsa ana awo ndi kuchiza odwala awo?

Apwitikizi ayi. Iwo atagonjetsa Chinsinga, mfumu ya Makanga, mu 1902, chimene anabweretsa chinali msonkho ndi chibalo. Sukulu zinadza ndi amishoni. Mu 1909 a Dutch Reformed ochokera ku Nyasaland anatsegula mishoni ya Mphatso motsogozedwa ndi Mbusa A.G. Murray, ndipo nthawi yomweyo ansembe a Chijezuwiti ankayamba ntchito ku Lifidzi. Onsewo sanakhalitse. Ajezuwiti anathamangitsidwa ufumu utagwa ku Portugal mu 1910, ndipo a Dutch anatsekeredwa ntchito mu 1922, poti atsamunda sankafuna Aprotestanti achilendo ophunzitsa anthu m'Chinyanja.

Amishoni a Dutch atapita, mpingo wawo sunafe. Akulu a mpingo anapitiriza mapemphero okha kwa zaka zambirimbiri opanda m'busa, ndipo ofuna ubatizo kapena sukulu yabwino ankangodumpha malire kupita ku mishoni za ku Nyasaland. Mbewu imene anasunga iwowo ndiyo lero ikutchedwa Sinodi ya Mphatso ya Igreja Reformada em Moçambique.

Mu 1940 Portugal inachita pangano ndi Vatican, ndipo maphunziro a anthu akuda anaperekedwa m'manja mwa Akatolika. Ajezuwiti anabwerera, ndipo mu 1945 anatsegula Fonte Boa, m'dera limene lero ndi boma la Tsangano. Tisawanamizire zabwino zokhazokha: maphunziro a nthawi imeneyo anali a katekisimu ndi Chipwitikizi chochepa, ndipo ana ambiri sankapitirira makalasi oyambirira. Komabe kumudzi kunalibenso kwina koti mwana akaone bolodi kapena mayi akalandire mankhwala.

Frelimo itatsegulanso nkhondo yomenyera ufulu m'chigawo cha Tete mu 1968, inayamba sukulu ndi zipatala zake zam'tchire kumpoto kwa Zambezi. Anthu a m'midzi ndiwo ankadyetsa aphunzitsi ndi kusenza mankhwala pamutu. Ufulu unabwera pa 25 June 1975. Pa 24 July, mwezi usanathe, Samora Machel analengeza kuti sukulu ndi zipatala zonse ndi za boma, za mishoni zomwe. Maganizo ake anali omveka: thanzi ndi maphunziro si mphatso ya mlendo. Vuto linali loti boma linalibe manja okwanira, popeza madokotala ambiri anali atathawa pamodzi ndi atsamunda. Nchifukwa chake mu 1978 linayambitsa ma APE, azaumoyo a kumudzi osankhidwa ndi anthu eni ake, ofanana pang'ono ndi alangizi a zaumoyo a kwathu kuno.

Nkhondo ya Renamo ndi Frelimo inafafaniza zonsezi. Tsangano anapatsidwa boma lakelake mu 1986, kuchoka ku Angónia, koma kunali kugawa dziko lomwe anthu ake anali kuthawa. Pa 30 October 1985 ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anagwidwa ndi kuphedwa ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi. Malawi inalandira othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Ntcheu ndi Dedza ambiri sanalowe m'misasa, anangomanga pafupi ndi abale awo. UNHCR ndi Red Cross ankagawa ufa ndi nyemba, koma malo omangapo ndi olimapo anapereka ndi mafumu a m'midzi.

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anabwerera kukapeza mabwinja. Lamulo lolola nzika kukhazikitsa mabungwe linali litangotuluka mu 1991, ndipo mabungwe akunja anakhamukira ku Tete. Dziko la Denmark linathandiza za umoyo m'chigawochi kwa zaka zambiri. Kagawidwe ka ntchito kanali kodziwika: bungwe libweretse malata ndi simenti, boma litumize mphunzitsi kapena namwino, mudzi uumbe njerwa, utute mchenga, utunge madzi. Nyumba ikatha, chikwangwani chimatchula bungwe ndi unduna basi.

Madzi nawo chimodzimodzi. Ndondomeko ya madzi ya 1995 inapereka chisamaliro cha mijigo kwa anthu omwa madziwo. Mjigo wa Afridev, umene kholo lake linayesedwa ku Livulezi ku Ntcheu konkuno, unapangidwa dala kuti anthu a kumudzi azitha kuukonza okha. Koma rabala ikatha, komiti ndiyo imayenda khomo ndi khomo kutolera zopereka, ndipo pamene komiti yagona, amayi amabwerera kudambo.

Nzeru yaikulu m'mbiri yonseyi inatuluka kwa odwala. Ma ARV atafika, anthu ankayenda mitunda italiitali mwezi ndi mwezi kukangotenga botolo limodzi, ndipo ambiri ankalekera panjira chifukwa cha ndalama yoyendera. Mu 2008 bungwe la Médecins Sans Frontières, akuluakulu a zaumoyo ku Tete ndi odwala eni ake anagwirizana njira ina. Anthu osapitirira asanu ndi mmodzi, okhala moyandikana, apange gulu. Mwezi uliwonse mmodzi apite kuchipatala, akayezedwe iyeyo, atengere anzake onse mankhwala, ndipo asanapite awerengerane mapiritsi kuti aone amene akudumphitsa. Palibe nyumba inamangidwa, palibe galimoto inagulidwa. Chinafunika ndi kukhulupirirana, pa nthawi imene kuulula kuti uli ndi kachilombo kunali kudziika pakamwa pa mudzi wonse. Maguluwa, otchedwa GAAC, boma linawatenga n'kuwafalitsa dziko lonse, ndipo maiko ena, Malawi yomwe, anatengera.

Amishoni nawo anabwerera. Ku Fonte Boa Ajezuwiti anayambanso kugonetsa ana a sukulu ndi kusamalira ana amasiye, ndipo mtengo wake unali wowawa: pa 6 November 2006 achifwamba anapha Bambo Waldyr dos Santos a ku Brazil ndi Idalina Neto Gomes, mayi wodzipereka wa ku Portugal. Ntchito sinaime. Patapita zaka anatsegula sekondale ya ESIL ku Msaladzi, komwe ana a alimi amaphunzira za m'kalasi pamodzi ndi ulimi.

Kumayambiriro kwa 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lakunja n'kuthetsa USAID, ndipo Mozambique, amene mankhwala ake a Edzi amadalira kwambiri ndalama zimenezo, anagwedezeka. Ku Tsangano ndi Macanga iyi si nkhani yachilendo, chifukwa mlendo anachokapo kale mu 1910, mu 1922 ndiponso nthawi ya nkhondo. Chimene sichinasinthe n'choti otsalira ndi ntchito salipidwa moyenera. Ma APE, amene pulogalamu yawo inatsitsimutsidwa mu 2010 ndi maphunziro a miyezi inayi, amayeza malungo ndi kuchiza ana otsegula m'mimba, koma kangachepe kamene amalandira kakhala kakudalira kwambiri ma dona. Boma ku Maputo liwaike pa bajeti yake ngati antchito ake enieni, ndipo akuluakulu a boma ku Furancungo ndi Tsangano asamayitane anthu pa tsiku loumba njerwa lokha, aziwayitananso pa tsiku logawa ndalama.