Mliri wa m'gemu umene unalembedwa m'magazini ya madokotala

Sabata ino ndikulankhula ndi inu amene muli chaka chomaliza ku yunivesite, mutu wa pulojekiti ukukusowetsani tulo, pamene mumtima mukulakalaka kulemba za magemu a pa intaneti, aja amene anthu ambirimbiri amasewera limodzi nthawi imodzi. Mukuopa kuti a supavaiza akakusekani, eti? Musanakagogode pachitseko chawo, yambani mwadziwa kumene nkhaniyi inachokera.

Muzu waukulu wa magemu amenewa uli pa yunivesite pomwepo. Mu 1978, Roy Trubshaw, wophunzira pa University of Essex ku England, analemba gemu yotchedwa MUD pa kompyuta yaikulu ya sukuluyo. Munalibe chithunzi, anali mawu okhaokha. Ukalemba kuti ukupita kumpoto, kompyuta inkakuuza zimene wakumana nazo, ndipo nthawi zina chimene wakumana nachocho chinali munthu mnzako. Mu 1980 anasiyira ntchitoyo mnzake Richard Bartle, yemwe mu 1996 anagawa osewera m'magulu anayi: ofuna kupambana, okonda kuyendera malo, okonda macheza, ndi aja amene kukoma kwa gemu n'kusautsa anzawo. Maguluwa sanawalote ayi. Anawatola pa mkangano wa osewera eni ake umene unatenga miyezi ingapo.

Mu 2001 katswiri wa zachuma Edward Castronova analowa mu EverQuest n'kuwerengera ndalama zenizeni zimene anthu ankagulira katundu wa m'gemumo. Anapeza kuti dziko longopekalo, pa chuma cha munthu mmodzimmodzi, linali pakati pa Russia ndi Bulgaria.

Koma nkhani yoti mukaigwire bwino ndi ya pa 13 September 2005. Tsiku limenelo kampani ya Blizzard inatsegula malo atsopano mu World of Warcraft, otchedwa Zul'Gurub. Chilombo cha kumeneko, Hakkar, chinkapatsa osewera matenda otchedwa Corrupted Blood, omwe ankadumphira kwa aliyense woyandikira. Matendawo anayenera kuthera komweko. Chimene okonza gemu anaiwala ndi ziweto. Wosewera ankabisa chiweto chake chili chodwala, n'kukachitulutsa pakati pa mzinda, basi mliri wabuka. M'mizinda ngati Ironforge ndi Orgrimmar munadzaza mafupa. Osewera ofooka ankafa nthawi yomweyo, amphamvu ankayenda nawo matendawo n'kumawafalitsa.

Ndiye taonani zimene anthu anachita, popanda wowauza. Ena amene anali ndi mphamvu zochiritsa anathamangira kukathandiza, n'kutenga matendawo. Ena anathawira kutchire. Ena, a gulu lachinayi la Bartle lija, ankafalitsa dala, akumva kukoma. Panalinso ena amene ankangopita kukaona kuti kukuchitika chiyani, ngati mmene timaunjikirana pamalo a ngozi, n'kubwerako atadwala. Blizzard inayesa kupatula odwala koma anthu sanamvere, mpaka inachita kukonza pulogalamuyo.

Mu 2007 Eric Lofgren ndi Nina Fefferman analemba za mliriwu m'magazini ya The Lancet Infectious Diseases. Mfundo yawo inali yakuti masamu olosera kufala kwa matenda amavutika kulosera khalidwe la munthu, makamaka chidwi chofuna kukaona chija. Amene munaona mmene tinkachitira nthawi ya Covid-19 simungadabwe. Komabe musatengeke kwambiri, chifukwa wofa m'gemu amadzukanso, pamene kumanda kwenikweni kulibe zimenezo. A supavaiza akadzafunsa funso limeneli, adzakupezeni muli nalo kale yankho.

Mwaona kuti onsewa ankafufuza anthu, gemu inali bwalo chabe. Choncho musakalembe kuti mutu wanu ndi “magemu a pa intaneti”, umenewo ndi nyanja. Sankhani gemu imodzi, gulu limodzi, funso limodzi, mwina loti gululo limasankha bwanji mtsogoleri, kapena limamulanga bwanji wobera anzake. Ndipo mukasewere ndithu. Bonnie Nardi, katswiri wa chikhalidwe cha anthu, anasewera World of Warcraft nthawi yaitali asanatulutse buku lake mu 2010. Inu mudzafunikanso kuwerengera mtengo wa bandulo ndi masiku amene magetsi adzathime, muziike mu bajeti poyambirira.

China, maiko amenewa amafa. MUD ya ku Essex inatsekedwa mu 1987, ndipo kampani ikhoza kuzimitsa seva yake inu muli pa chaputala chachitatu. Muzijambula zimene mwaona tsiku lomwelo, ndi deti lake, n'kusunga malo awiri. Uzaninso osewera anzanuwo kuti mukuchita kafukufuku, apereke chilolezo musanakopere macheza awo. Dzina la m'gemu musalione ngati longopeka, pali anthu amene akhala nalo zaka khumi ndipo anzawo amawadziwa ndi lomwelo. Polemba lipoti, lisintheni nalonso.